Gemu ya Mwana wa Eni Nyumba

Mwana wanga wamwamuna ndi anzake amakonda kukangana pakhonde pathu za magemu a pa foni. Mkangano wake ndi umodzimodzi sabata ndi sabata: kodi munthu amene wamaliza gemu atayiika pofewa angadzitame kuti wamaliza? Ena amati ayi, ameneyo wangopita kokaona malo. Ena amati foni ndi yako, sewera mmene ukufunira. Ine ndimamvetsera ndili kukhitchini, ndipo nthawi zina ndimasuzumira pawindo n'kuponyamo mawu. Amandiseka, poti kwa iwo mayi wogulitsa salaula, zovala zakale zija, pa msika wa Matero sangadziwe kanthu za zimenezi. Sadziwa kuti nkhaniyi inandikhala pakhosi iwo asanabadwe.

Ndinakulira ku komboni ya Kanyama, mu mdadada, nyumba yaitali ya zipinda zondandana, banja lililonse ndi chitseko chake. Eni ake, amene tonse tinkawatchula kuti ba landilodi, ankakhala m'nyumba yaikulu kutsogolo, m'bwalo lomwelo. Zinali zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa, mafakitale n'kumatsekedwa motsatizana. Bambo anga anali atachotsedwa ntchito pa fakitale yosoka matumba, komabe ankadzuka m'mamawa, kupolisha nsapato, n'kupita kukaima pa mageti a anthu kufunsa ntchito. Amayi anayamba kukazinga zitumbuwa. Ufa wa thumba tinauiwala, tinkagula wa m'timapulasitiki tokwana kuphika kamodzi. Ine ndinali woyamba kubadwa, mtsikana wa kumapeto kwa pulayimale, ndipo zigubu zonse za m'nyumba mwathu zinkadziwa mutu wanga.

Magetsi kudera kwathu kunalibe. Ba landilodi anali ndi TV yaing'ono yosaonetsa mitundu, yoyendera batire la galimoto. Likatha mphamvu ankalikweza pa wilibala kupita nalo kumsika kwa bambo wina wowotcherera zitsulo, amene ankachajanso mabatire. Akazi awo ankakwera mabasi kudutsa malire a dziko kukapikula katundu, ndipo ulendo wina anabwerera ndi kabokosi ka pulasitiki kolumikiza ku TV, ka mwana wawo womaliza, mnyamata wa msinkhu wanga. Kanali ndi kaseti imodzi yokha, ndi zogwirira ziwiri zimene tinkazitchula kuti mapadi. Imodzi inafa mwezi woyamba womwewo.

Gemu yake inali ya kamunthu konyamula mkondo koyenda cha kudzanja lamanja. Kankadutsa m'nkhalango, kulumpha maenje, kulasa zilombo, ndipo kumapeto kwa dera lililonse kankakumana ndi chinthu chachikulu chofunika kuchilasa kambirimbiri. Usanayambe, gemuyo inkakufunsa kuti ukufuna yofewa kapena yolimba. Ife yofewayo tinkati ya bana, yolimbayo ya bakulu. Pa ya bana unkapatsidwa miyoyo yambirimbiri ndipo zilombo zinkayenda mwaulesi. Pa ya bakulu miyoyo inali yochepa, ndipo chilichonse chinkakuthamangira ngati unachilakwira.

Ba landilodi batire lawo ankalisungira nkhani ndi mpira. Ana ankaloledwa kulumikiza gemu tsiku limodzi lokha, lija batire latsala pang'ono kupita kochaja. Tinkapatsidwa makombo. Ndipo TV ya batire ili ndi khalidwe lake: mphamvu ikamatha, chithunzi chimayamba kufota, m'mbali monse kumada, mpaka chimatsala kadontho pakati n'kuzima. Choncho tinkasewera maso ena ali pa zilombo, maso ena ali m'mphepete mwa galasi.

Tinkasiya mapatapata panja, kutsuka mapazi, n'kukhala pansi mondandana. Mwini gemu ankakhala pa mpando. Lamulo linali lodziwika m'Kanyama monse, ndipo linali la mawu awiri: "Wafa, leta." Leta ndiye kuti bweretsa: miyoyo yako ikatha, padi ipite kwa wina. Lamulo labwino, lachilungamo, likanakhala kuti silinapotozedwe. Padi ikakhala m'manja mwake, mnyamatayo ankaika pa ya bana n'kusewera mpaka ife matako kuchita dzanzi. Ikafika nthawi ya ana a mu mdadada, ankadzuka yekha, kuyambitsanso gemu, n'kuika pa ya bakulu.

"Nifuna muphunzile," ankatero. "Ya bana izakupusisani."

Tonse tinkadziwa kuti akufuna tife msanga padi ibwerere kwa iye. Koma ukanadandaula kwa yani? Tsiku limene ndinakawauza amayi, anandikoka khutu n'kunena motsitsa mawu, "Iwe, uja ni mwana wa ba landilodi. Batate bako sibasebenza. Ufuna tikagone mu ngalande?" Nkhani inathera pomwepo.

Ndinene mosabisa: mnyamata uja ndinkamuchitira nsanje yoopsa. Buledi wake wopaka majarini ndinkamusirira, nsapato zake zoyera ndinkazisirira, koma zimenezo ndinkatha kuzipirira. Chimene chinkandidya mtima chinali kaseweredwe kake. Ankasewera dzanja lina lili m'mbale ya mtedza. Kamunthu kaja kakagwera m'dzenje ankangoseka, poti miyoyo inalipo ina yambiri, ndipo ngakhale ikanatha, gemu inali yake. Nthawi zina ankakagwetsa dala kuti amve kaphokoso kake. Ine ndili pansipo ndinkachita kuluma mlomo, poganiza kuti moyo umodzi umene wautayawo ndikanayenda nawo nkhalango yonse.

Poti nthawi yanga inali yaifupi, ndinaphunzira kusewera ndi maso. Anzanga akamafa ndinkaloweza pamene afera: apa chilombo chimatulukira kumbuyo, apa nthambi imathyoka, apa usalumphe msanga. Pamzere wa pampopi ndinkagwira chivindikiro cha chigubu ndi manja awiri n'kumadina ndi zala, nkhalango yonse ikuyenda m'mutu mwanga. Amayi ena ankanong'onezana kuti mwana wa azitumbuwa uja mutu wayamba kusokonekera. Atsikana anzanga analekeratu kubwera kudzasewera, ati n'za anyamata, ndipo ndinatsala ndekha pakati pa mafupa a mawondo a anyamata. Patapita miyezi, ndinali ndekha wa mu mdadada wotha kutuluka m'nkhalango pa ya bakulu. Mwini gemu zimenezi sizinamusangalatse, ndipo kangapo ankati padi yatentha, iyenera kupuma, nthawi yanga itangofika.

Tsiku lina iye, ali pa ya bana yakeyo, anagonjetsa chinjoka cha pamtsinje, kumapeto kwa dera lachiwiri. Chithunzi chinaima, panatuluka mawu achingerezi amene anazimiririka tisanawawerenge bwino, gemu n'kubwerera poyambira. Anakwera pa mpando n'kukuwa kuti wamaliza. Masabata angapo sitinapume naye. Ankayenda m'bwalo manja ali m'thumba, akufotokozera ngakhale ogula zitumbuwa.

Chimene chinamugwetsa chinali msuweni wake wa ku Kaunda Square, wa ku sekondale, amene anabwera kudzacheza pa holide. Mnzathuyo anafuna kumuonetsa ukatswiri, nabwereza zonse mpaka pamtsinje paja. Mawu atatuluka, msuweniyo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mwana, apa sipamathela. Ikukuuza ati ya bana yasila, ngati ufuna kuona kusogolo yamba futi pa ya bakulu. Ukalibe kufika na pakati."

Ine ndinaweramitsa mutu kuti mwini gemu asaone mano anga. Ndikuvomera, ndinakondwa kwambiri, ndipo ndinakondwa sabata yathunthu.

Mwini gemuyo anayesa yekha ya bakulu. Sanathe kutuluka ngakhale m'nkhalango. Anayesanso sabata yotsatira, naponya padi pansi, natithamangitsa tonse. Kenaka madzulo ena ndikutsuka mbale ndinangomva mapazi kumbuyo kwanga. Aka kanali koyamba kuti mwana wa ba landilodi aime pakhomo pathu.

"Iwe," anatero akuyang'ana kumbali. "Pa Sabata ubwele useweleko. Sitizachinjana. Nifuna chabe nione kwamene imathela."

Nanenso ndinkafuna chomwecho, kuposa mmene iye ankafunira. Zaka zimenezo chilichonse m'nyumba mwathu chinkathera panjira: ntchito ya bambo, kumanga kwa kanyumba kathu kumudzi ku Katete, ngakhale sopo. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha chimene ndingachiyambe ndi manja anga n'kuchiona mapeto ake ndi maso anga.

Kuyambira pamenepo tsiku la makombo a batire linali langa. Ndinkakhala pansi pomwe paja, mpando sanandipatse, koma padi inali m'manja mwanga. Ndinawoloka mtsinje. Kutsidya kunali mapanga amdima, kenaka phiri la miyala yogubuduzika. Gemu imeneyo sinkasunga pamene wafika, ukafa kapena TV ikazima umayambiranso m'nkhalango. Choncho ndinkalimbana ndi adani awiri, zilombo ndi batire. Ukayenda mosamala chithunzi chimakufotera usanafike patali, ukathamanga umagwera m'dzenje. Kangapo konse kadontho kaja kanazima ine ndili pakati pa phiri, miyoyo ndikadali nayo. Ndinkabwerera kunyumba zala zili ndi matuza, ndipo pokanda ufa wa zitumbuwa mchere unkandiluma.

Mwayi unabwera mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ba landilodi anapita kumaliro ku Chipata, ndipo batire linatsala ndi mphamvu yochulukirapo poti panalibe woonera nkhani. Sabata imeneyo mipopi yonse ya kudera kwathu inali itauma. Madzi tinkakapempha kutali, ku zitsime zosadalirika, ndipo amayi anali atasiya kukazinga poti ogula sakanadya zitumbuwa za madzi onunkha.

Loweruka masana chipinda chinadzaza, mpaka ana a mabwalo ena anaima pawindo. Tsiku limenelo manja anga ankadziwa okha chochita. Nkhalango ndinadutsa osakhudzidwa, mtsinje chimodzimodzi. M'mapanga ndinataya moyo umodzi mopusa. Phiri ndinalikwera thukuta likundilowa m'maso, wina akundikupiza ndi chikuto cha buku. Pamwamba pake panali nyumba yaikulu ya zipata, imene palibe aliyense wa ife anali ataionapo. Chithunzi chinali chitayamba kufota, chatsala ngati kope la kusukulu, koma zinthu zinkaoneka.

M'chipinda chomaliza munali chimunthu chachitali cha nyanga. Chinandipha kamodzi ndisanamvetse kayendedwe kake. Ndinachiphunzira: chikakweza dzanja, bwerera, chikawerama, lumpha ulase kumutu. Ndinachilasa, ndinachilasanso, chinayamba kuthwanima, chizindikiro choti chatsala pang'ono.

Nthawi yomweyo panja panamveka phokoso limene aliyense wokulira mu komboni amalidziwa, la zigubu zopanda kanthu zikugundana anthu akuthamanga.

"Manzi yabwela! Manzi yabwela!"

Amayi anandiitana ali pakhomo pathu. Ndinakhala ngati sindinamve. Anaitananso, ulendo uno dzina lonse lathunthu. Anyamata ena amene anali mmenemo nawonso amayi awo ankawaitana, koma palibe amene anasuntha. Mnyamata akapanda kumva amati ndi wopulupudza, amakula nazo. Mtsikana woyamba kubadwa akapanda kumva, manyazi amagwera amayi ake bwalo lonse likuona.

Kenaka kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Amayi anaima pamenepo, osalowa, poti m'nyumba ya ba landilodi sankalowamo popanda kuitanidwa. Sanakalipe. Analankhula motsitsa, ndipo ndinkadziwa kuti mawu otsika amenewo ndiwo oopsa.

"Nakuitana kangati?"

"Bamami, pang'ono chabe. Nasala pang'ono."

"Pompi izavala manje manje. Mailo muzadya tudoli twa pa TV?" Ankatanthauza kuti mpopi utsekedwa posachedwa, ndipo mawa sitingadye tizidole ta pa TV.

Akazi a ba landilodi anatulukira kuchipinda atanyamula chigubu chawo chachikasu. "Mwana wanga, utitapileko na ise," anatero mokoma, n'kuchiika pafupi ndi mapazi anga.

Pa padi panali kabatani koimitsa gemu. Ndinakadina. Kamunthu kanga kanaima m'malere, mkondo uli m'manja, chimunthu chija chitawerama. Koma batire siliimitsidwa. Tonse tinkaona mdima wa m'mbali ukulowa pang'onopang'ono, chithunzi chatsala ngati chikhatho. Pampopi pakakhala mzere sipabwereka msanga, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo.

Mwini gemu anatambasula dzanja. "Batili izafa. Leta."

"Sininafe," ndinatero.

"Niziba. Leta chabe."

Ndinayang'ana amayi, ndinayang'ana chigubu chachikasu, ndinamupatsa.

Mpopi sunali kutali, unali kuseri kwa mdadada wachiwiri. Ndinali ndisanafike n'komwe kumapeto kwa mzere pamene ndinamva mkuwo. Unali mkuwo wa chigoli, wa anthu ambiri nthawi imodzi, wotsatiridwa ndi malikhweru ndi kumenya zitseko. Mayi wina patsogolo panga anafunsa ngati kwagwidwa wakuba. Ndinaima padzuwa paja zigubu zili m'manja, misozi ikutsika. Nditafika pampopi ndinayamba kudzaza chachikasu, poti amayi anati cha ba landilodi chiyambe.

Pobwerera ndinapeza TV yazima, ana ali panja atamuzungulira mwini gemu. Anali atalasa kawiri kokha, mwina katatu. Koma kwathu womaliza gemu ndi amene wagwira padi pamapeto, monganso chigoli chimakhala cha amene wagwedeza ukonde. Ndinafunsa kuti kunaoneka chiyani. Wina anati chipata chinatseguka ndipo kunatuluka anthu ambiri akuvina. Wina anati ayi, kamunthu kaja kanakwera chimbalame. Wina anati anali mawu okhaokha okwera m'mwamba, ndi nyimbo imene sitinaimvepo. Chithunzi chinali chaching'ono kwambiri, mitu inali yambiri, aliyense anaona zake. Mwini gemu, atandiona, anauza anzakewo kuti, "Uyu ananithandizako pang'ono."

Mbiri inafalikira. Anyamata a kutsidya kwa msewu ankabwera kudzamuona munthu amene anamaliza pa ya bakulu. Ine ndinadzilimbitsa mtima kuti ndidzabwereza, poti njira ndinali nditaidziwa. Koma ba landilodi atabwerako kumaliro anapeza batire lafa kotheratu, losalolanso kuchajidwa, ndipo wina anawauza kuti magemu amaotcha galasi la TV. Kabokosi kaja anakatsekera m'sutikesi. Mvula isanagwe ife tinasamuka, kupita ku komboni ya George, m'chipinda chimodzi cha achibale a bambo. Padi ija sindinaigwirenso.

Amayi sindiwaimba mlandu. Madzi amenewo ndiwo anali zitumbuwa, ndipo zitumbuwazo ndizo zinkatidyetsa tonse. Koma nditakula, ndili ndi ana anga, ndinawakumbutsa za tsikulo tikusenda nyemba, ndikuganiza kuti tiseka kapena andipepesa mwanthabwala. Anandiyang'ana modabwa. Sankakumbukira chilichonse, ngakhale zoti m'nyumba muja munali gemu. Zimenezo zinandipweteka kuposa mmene ndinkayembekezera.

Mnyamata uja pano ndi bambo wa mimba yake, ali ndi minibasi zake zoyenda msewu wa ku Matero, ndipo tikakumana timapatsana moni bwinobwino. Tsiku lina anapeza mwana wanga pa benchi langa la salaula akusewera pa foni, namuuza kuti, "Ise kudala tinali kusiliza magemu pa ya bakulu, pa batili ya motoka. Funsa bamai bako, banaliko." Sankanama dala. Ndinamuyang'ana m'maso ndipo ndinaona kuti amakhulupiriradi zimenezo. Nsanje ija inabwerera yonse, ine mayi wa imvi ndili pakati pa milu ya madiresi.

N'chifukwa chake anyamata a pakhonde akamakangana ndimalephera kukhala chete. Ine wosewera pofewa sindimunyoza. Amene akufuna yofewa asewere yofewa, bola asamaikire anzake yolimba iye atakhala pa mpando. Ndiponso amene amadzitama ndi yolimba amandiseketsa, chifukwa ambiri a iwo ali ndi chipinda chawochawo, magetsi, ndi wina wowaphikira. Kulimba kwenikweni kwa gemu sikuli pa kabatani kaja ayi. Kuli pa funso lakuti, ukafika pa chipinda chomaliza, kodi pali amene angakuitane? Ndipo akandifunsa chinthu chachikulu chimene opanga magemu atulukira, sindinena za zithunzi zooneka ngati anthu enieni. Ndimanena zoti masiku ano gemu imasunga pamene wafika, n'kukudikira mpaka ubwere. Ana a lero ndimawachitira nsanje pa chimenecho, ngakhale wanga yemwe.

Chaka chatha ndinamufotokozera mwana wangayo nkhani yonseyi. Anafufuzafufuza, ndipo patapita masiku anabwera nayo gemu ija pa foni, yomweyo, nyimbo yake yomweyo. Ndinadabwa kuona kuti kamunthu kaja kanali kovala zobiriwira. Anandiuzanso kuti pa intaneti pali kanema woonetsa mapeto ake, akhoza kundionetsa pompo. Ndinakana. Mapeto ofikidwa ndi manja a munthu wina anandikwana kale tsiku la pampopi lija.

Ndiye ndimasewera, masana a Lamlungu ndikabwera kutchalitchi, magalasi ali pamphuno. Zala zinauma, galasi la foni ndi loterera, ndipo m'mapanga muja ndafamo kosawerengeka. Mwana wanga amaima kumbuyo kwanga akuvutika mumtima.

"Mami, ikani chabe pa ya bana."

"Ya bana imathela pa mumana," ndimamuyankha, kunena pamtsinje paja.

"Olo leta nikupitisileni apa pavuta, nizakubwezelani."

Mawu akuti leta amenewo sadziwa kuti amandifika pati. Ndimangomuyang'ana, iye n'kubweza dzanja lake.

Lamlungu lapitali ndinafika pamwamba pa phiri, zipata za nyumba ija zikuoneka. Kuno ku Matero nakonso madzi amavuta, ndipo mpopi wa panja unali utauma kuyambira pakati pa sabata. Ndili pakati polumpha miyala ndinamva mpopiwo ukutsokomola, kenaka mawu a mayi woyandikana nafe kuseri kwa mpanda: "Ba neba, manzi yabwela!" Miyendo yanga inayamba kudzuka yokha. Ndinadziwa kuti ndikhoza kusunga gemu n'kudzapitiriza madzulo, palibe chimene chikanatayika. Koma ndinakhalanso pansi.

"Iwe," ndinamuitana mwana wanga osachotsa maso pa foni. "Tenga vigubu vonse, uyambe na va ku bafa."

"Mami, nifuna nioneko kwamene imathela."

"Nizakuuza," ndinatero, n'kulowa pa chipata.